Kudzutsa telefoni yakale yozungulira manambala

Telefoni yakale ikafika m'manja mwanga sindiyamba ndi kuipukuta, ngakhale kuti mtima umathamangira komweko. Ndimayamba ndi kuitembenuza n'kuwerenga zimene zinadindidwa kunsi kwake. Imene ndikufotokoza pano ndi Western Electric 500, mtundu umene unafala kwambiri ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo maonekedwe ake anakonzedwa ndi kampani ya Henry Dreyfuss. Opanga ake ankadinda mwezi ndi chaka pa tsinde la telefoni komanso pa zipangizo zambiri za m'kati, ndipo osonkhanitsa matelefoni akale ambiri amalakalaka imene madeti ake onse akugwirizana. Ine zimenezo sizindidetsa nkhawa, chifukwa matelefoni amenewa anali a kampani ya matelefoni, anthu ankangobwereka, ndipo akawonongeka ankabwezedwa kukasinthidwa ziwalo, motero kusiyana kwa madeti ndi mbiri yake yeniyeni.

Nditamasula masikuluu awiri a kunsi, chikuto chinachoka mosavuta. Ndisanakhudze waya uliwonse ndinajambula zithunzi mbali zonse, pakuti mawaya a zaka zambiri amafwifwa mpaka wobiriwira ndi wotuwa kuoneka ofanana. Kabokosi kachitsulo kamene mawaya onse amakumanako sindinakatsegule, chifukwa zipangizo zake zinamatiridwa m'kati ndipo sizilephera kawirikawiri.

Ntchito yaikulu ili pa gudumu la manambala, ndipo amene sanamvetse mmene limagwirira ntchito angachite bwino kulisiya kaye. Munthu akalowetsa chala m'bowo n'kuzungulitsa, sakhala akutumiza kanthu, amangokunga sipuling'i. Nambala imatumizidwa pamene gudumu likubwerera lokha, chifukwa pa nthawiyo timalata tiwiri tating'ono timadula ndi kulumikiza magetsi a pa laini motsatizana: kamodzi pa nambala 1, kasanu pa nambala 5, ndipo ka 10 pa 0. Makina a ku ofesi yolumikiza matelefoni, amene chiyambi chake ndi nzeru ya Almon Strowger ya mu 1891, ankawerenga kudukaduka kumeneku, ndipo ankayembekezera kuti kuchitike ka 10 pa sekondi imodzi. Liwirolo limasungidwa ndi kachipangizo kotchedwa governor, kamene kali ndi timapiko tolemera timene timatambasuka gudumu likathamanga n'kumakhuza khoma la kachikho kake ngati buleki.

Gudumu la yangayi linkabwerera mozengereza, nthawi zina n'kuimiratu pakati pa 7 ndi 8. Kuti ndichotse mbale yapulasitiki ya mabowo, ndinaizungulitsa mpaka kumapeto, ndinalowetsa kawaya kopyapyala m'kabowo kakang'ono kamene kali pakati pa 9 ndi 0 kuti ndikanikize loko, kenako ndinapitiriza kuzungulitsa pang'ono mpaka inamasuka. Kuseri kwa gudumu ndinapeza chimene ndinkayembekezera: girizi wakale wouma, wofiirira, wasakanikirana ndi fumbi n'kumatirira m'mano a magiya. Ndinam'sungunula ndi mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi, ndikumakolokota dzino limodzilimodzi ndi kamtengo kotokosera m'mano, mpaka mkuwa unayamba kuoneka.

Pothira mafuta m'pamene matelefoni ambiri amawonongekera m'manja mwa anthu a zolinga zabwino. Ndinagwiritsa ntchito mafuta opepuka a mawotchi, kadontho kotengera pa nsonga ya singano pamalo pokhapo pamene chitsulo chimazungulira. M'kachikho ka governor simufunika mafuta ngakhale pang'ono, chifukwa buleki ikaterera gudumu limathamanga mopitirira ndipo manambala amasokonekera. Timalata todula magetsi tija ndinatiyeretsa pongopititsa kapepala koyera pakati pake, osati chokhulira, ndiponso sindinatipinde, popeza mpata wake ndi umene umachititsa kuti laini ikhale yoduka pafupifupi magawo 60 pa 100 a kugunda kulikonse (kuduka ndi kulumikizika kumodzi kwa magetsi), monga ankafunira ku America.

Poyesa liwiro ndinalumikiza timalatato ndi batire laling'ono komanso polowera mawu pa kompyuta, ndinaimba 0 kangapo, n'kuwerenga zithunzi za kugundako pa pulogalamu yojambulira mawu. Kugunda 10 kunatenga nthawi yoyandikira kwambiri sekondi imodzi, choncho sipuling'i ya governor ndinaisiya mmene inalili. Amene amasonkhanitsa matelefoni a m'mayiko osiyanasiyana ayenera kukumbukiranso kuti ku Sweden 0 ankagunda kamodzi, pamene ku New Zealand manambala anayalidwa chobwerera, motero telefoni yochokera kumeneko ikhoza kukhala yabwinobwino koma n'kumaimba nambala yolakwika.

Cholankhulira chinanditengera nthawi yochepa. M'kati mwake muli timibulu ta makala timene timasintha mphamvu ya magetsi mawu akatigwedeza, ndipo tikakhala nthawi yaitali timagwirana, mawu n'kumamveka ngati a munthu wolankhula ali m'chitsime. Ndinamasula chivindikiro, ndinachotsa kachipangizo kosunga timibuluto, ndinakagogoda mopepuka m'mbali mwake pa tebulo, ndipo kanayambiranso. Ena amaikamo maikolofoni amakono, koma ine ndimachita zimenezo pokhapokha akale akakaniratu.

Belu silinalire pa kuyesa koyamba, ngakhale kuti koyilo yake inali yamoyo nditaiyeza ndi mita. Chifukwa chake chinali m'mawaya. Matelefoni ambiri a mtundu umenewu analumikizidwa m'nthawi imene mabanja angapo ankagawana laini imodzi, ndipo waya wakuda wa belu unkamangidwa pa sikuluu yolembedwa G kuti ugwire ntchito ndi waya wachitatu wopita m'nthaka. Nditausamutsira pa sikuluu yolembedwa L1, belu linalira. Pano pafunika kusamala, chifukwa laini ikangokhala imanyamula mavoti pafupifupi 48, koma polira amafika cha m'ma 90, ndipo amaluma ndithu. N'chifukwa chake ndimazula chingwe ndisanalowetse dzanja.

Chikuto ndinachitsuka pomalizira ndi madzi ofunda ndi sopo, kenako ndinachiwalitsa ndi polishi wa pulasitiki, koma mizere yozama ndinaisiya. Pa matelefoni a Bakelite (pulasitiki yolimba yakale), monga GPO 332 ya ku Britain ya m'ma 1930, kudziletsa kumeneku n'kofunika koposa, chifukwa khungu lowala ndi lopyapyala ndipo likangoperepeseka pamatuluka zofiirira zokhakhala zimene sizidzawalanso.

Chotsala chinali kuilumikiza ndi dziko la lero. Chiyambire 1963, pamene kampani ya Bell inayambitsa matelefoni odina mabatani, kuimba kwakhala kukusamukira ku timawu tapawiri timene batani lililonse limatulutsa, ndipo mabokosi ambiri a telefoni ya pa intaneti samva kugunda kwa gudumu. Ndinaika kachipangizo kosandutsa kugundako kukhala timawu, kunja kwa telefoni, pakati pa chingwe ndi bokosi, kuti ndisadule waya uliwonse wa m'kati. Ubwino wina wa kachipangizoka ndi woti mitundu ina imathanso kutulutsa zizindikiro za * ndi #, zimene gudumu lilibe koma makina oyankha okha amazifuna. Ndisanagule ndinaonetsetsanso kuti bokosi la intanetilo lili ndi mphamvu zokwanira kuliza belu lachitsulo, chifukwa ena anapangidwira matelefoni olira ndi kasipika basi, ndipo pa amenewo nyundo ya belu imangonjenjemera osagunda.