Loweruka: MG ya malume panjira ya ku Mtunthama

Lero malume andipatsa makiyi. Zaka zonsezi galimoto yawo yofiira ya MGB ya 1968 ndimangoisuzumira mu galaja itafundikidwa lona, ngati mkwatibwi wobisidwa. Anaigula kwa mzungu wina wa pa esiteti ya fodya ine ndisanabadwe, ndipo m'mawa uno anangoti, "Iwe mwana, undiperekeze ku Mtunthama. Uyendetsa ndiwe."

Kulowa mokha ndi ntchito. Umachita kukhala pansi penipeni, miyendo tambalale ngati uli pamphasa. Mpando ulibe chotsamiritsa mutu. Potuluka pageti chiwongolero chinali gwa, ndinachita kukoka ndi manja awiri thukuta lili kamukamu, poti ilibe power steering. Malume akungoseka.

Koma titangodutsa pa Boma n'kulowera msewu wa ku Nkhotakota, galimoto inasanduka ina. Chiwongolero chija chinapepuka, ukangochikhudza pang'ono mphuno ya galimoto yaloza kale kumene ukufuna. Kamwala kalikonse ka pa phula ndimakamva m'zikhatho. Injini yake ndi ya malita 1.8 basi, ya makabureta awiri a SU, ndipo Vitz ya mlamu wanga ikhoza kuisiya. Komabe pa 80, denga titalipinda, mphepo ili m'makutu, phiri la Kasungu likucheperachepera kumbuyo, ndimamva ngati ndikuuluka. Ana m'mbali mwa msewu anali kukuwa, "Ndege! Ndege!"

Msana wokha ndiye wadandaula. Kumbuyo ili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza ngati a pikapu, choncho dzenje lililonse limafika m'fupa. Pa mahampu timachita kudutsa chopingasa, pang'onopang'ono, kuopa kukhulitsa ekizozi.

Kenaka mbuzi. Inatumphuka kuseri kwa ngolo ya ng'ombe, ine n'kuponda buleki monga ndinazolowerera pa galimoto za masiku ano. Palibe chinachitika! Ndinaponda ndi mphamvu zonse, matayala kwii, kumbuyo kukugwedezeka. Tinaima mbuzi itadutsa kale, wakabaza wina atagwira pakamwa. Ilibe ABS yoletsa matayala kumangika ukaponda buleki mwamphamvu, ilibe airbag, kutsogolo mabuleki a disc, kumbuyo a dramu, chokuteteza ndi lamba yekha. Itati igubuduzike, pamwamba pako pali thambo.

Malume sanakalipe. Anakonza chipewa chawo n'kuti, "Iyi sikuganizira, umaganiza ndiwe. Ukaona ngolo, dziwa kuti kuseri kuli kanthu." Anawonjezera kuti aku Abingdon ku England anaipanga kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo ankaganiza za misewu yawo, osati mbuzi za kwa Wimbe.

Pobwerera sindinapitirire 60, maso ali patali. Tafika dzuwa likulowa, nkhope zili mbuu ndi fumbi, malaya akununkha petulo. Makiyi atenganso, ati za Loweruka likubwerali aona kaye mmene bondo lawo lidzukire.