Mmene tinalambulira mphambano yathu kuno ku Angónia

Amene mumayenda msewu wa N304, uja wochoka pa Mussacama kudutsa pa Ulongwe mpaka ku boda ya Calomue, mukudziwa mmene kumakhalira mvula ikakhazikika. Pofika Febuluwale nsenjere ndi deliya zimakhala zapitirira msinkhu wa munthu, ndiye ife otulukira mu timisewu tafumbi ta kumudzi timalowa mu tala ndi khutu basi, maso alibe ntchito. Pa mphambano yathu wa mota amachita kulowetsa tayala lakutsogolo mu tala kuti aone ngati kukubwera lole ya mbatatesi kapena shapa (minibasi yonyamula anthu), ndipo ana asukulu amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse.

Sitinangodzuka ndi zikwakwa ayi. Ndinayamba kwa a mfumu, kenako kwa a sekeretariyo a dera lathu, chifukwa ukangoyamba kudula zinthu m'mbali mwa msewu popanda mawu awo mawa lake ndi mlandu. A mfumu anangoti "pitani mukaone kaye malire, musandigwetsere chimanga cha anthu ndisanamve". Msewu waukuluwo ndi wa ANE, bungwe la boma loyang'anira misewu, ife sitinakhudze chikwangwani kapena kukumba chilichonse, yathu inali udzu ndi nthambi basi.

Kuyezako ndiye kumene ndikufuna mumvetse, chifukwa ambiri amatchetcha pongofuna kuti pawoneke bwino koma ngozi ili pomwepo. Ukaimirira umaona patali, koma woyendetsa galimoto yaying'ono maso ake ali ngati mita imodzi kuchoka pansi, mwana wa kalasi yoyamba chimodzimodzi. Ndiye ine ndinanyonyomala pamalo pomwe galimoto imaima isanalowe mu tala, mphwanga anavala malaya ofiira nkumayenda m'mphepete mwa msewu, akangobisika ndimakuwa, iye nkuzika kamtengo pa chinthu chamubisacho. Tinayambira kumanja poti kuno timayenda kumanzere, galimoto yoyamba kukupeza imachokera kudzanja lamanja. Lole yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiye ngati iwe ukufuna masekondi asanu kuti udzuke ndi mota yosenza matumba nkulowa, uyenera kuiona ikadali mamita 110 uko, ndipo pamenepo sunasiye mpata uliwonse. Ife tinapitiriza mpaka masitepe 150 mbali iliyonse. Malo odulawo amatuluka otambalala pa mphambano penipeni, nkumachepa ukamapita kutali, sikuti ulambule tchire lonse.

Povuta panali pa munda wa agogo ena womwe umafika mpaka pa kona. Lamulo la malo la 1997 limati m'mbali mwa msewu musiyidwe mamita 30 ngati ndi msewu waukulu, 15 ngati ndi wocheperako, koma inu mungapite kwa munthu wamkulu amene wapalira yekha ndi khasu nkumuwerengera lamulo? Ndinapita ndi a mfumu, tinakhala pansi. Ndinati "agogo, tiyeni mukaone nokha", tinawatengera pa kona paja nkuwapempha akhale pa mpando wa njinga. Shapa inatulukira ili kale pamphuno, anagwira pakamwa. Anati chimanga chili ndi ngaiyaye kale, chisiyeni chikhwime. Tinagwirizana kuti tidule mizere yakutsogolo yokha yomwe imatseka kwambiri, anthu asonkhe kachimanga kobwezera pokolola, ndipo chaka chamawa pakonapo adzale nyemba kapena mbatata zomwe sizikwera. Kwa ine apa ndi pomwe ntchito inathekera, kutchetcha kwenikweniko ndi thukuta chabe.

Tsiku lake tinalawirira mame asanaume, udzu wonyowa umadulika bwino komanso dzuwa lisanakwiye. Zikwakwa, zikwanje, khasu, mwala wonolera. Anyamata awiri ntchito yawo inali kuima uku ndi uku ndi nsalu zofiira, osagwira chida, maso ku msewu basi, ndipo tinaika masamba pa tala patali ndithu monga amachitira a malole akawonongeka. Wotchetcha aziyang'ana komwe magalimoto akuchokera, asapatse msewu msana, komanso motalikirana chifukwa chikwakwa chikapulumuka chimapeza mwendo wa mnzako. Valani majombo ngati muli nawo, mphiri sithawa phokoso imangogona phee mu udzu, nanga chitedze, mmodzi wa ife anakanda mpaka madzulo.

Nsenjere tinadula mpaka pansi, zitsinde za pakona penipeni tinazula ndi khasu poti ukangometa pamwamba imaphuka msanga. Koma pa mtunda wa ngalande sitinazule, mizu ija ndi imene imagwira dothi, ukapalira mpaka mbee mvula imodzi yokha msewu wayamba kudyeka m'mphepete. Mtengo wa mango sitinagwetse, tinangosadza nthambi zam'munsi kuti munthu aone kudzera pansi pake, amayi ogulitsa tomato mthunzi wawo ulipobe.

Ena amafuna tiotche zinyalala pomwepo kuti tiweruke msanga, ndinakana ndithu. Utsi ukadzaza mu msewu woyendetsa saona kanthu, kuposanso udzu uja, ndipo moto wolekerera ndi mlandu. Kusiya milu mu ngalande nakonso ayi, imakatseka kalavati madzi nkusefukira pa tala. Tinatuta zonse, a ng'ombe anatenga nsenjere, deliya anapita ku manyowa. Pomaliza masamba aja tinachotsa pa tala, ambiri amaiwala zimenezi.

Udzu wa dzinja suchedwa kubwerera, ndiye tinapangana kuti tizibwereza mwezi ndi mwezi mpaka mvula itasiya mu Epulo, mabanja azisinthana, dzina la wosabwera lizipita kwa a mfumu. A mota anena kuti ulendo wotsatira mwala wonolera ndi maheu agula ndi iwo.