Zikomo nonse, madzi aja awala

Lachisanu lapitali ndinaima pamaso pa aphunzitsi atatu kuteteza kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri, ndipo ndakhoza. Ndisanayankhe mauthenga amene adzaza foniyi, ndithokoze kaye amene anandibereka kumsana.

Ambiri mumangodziwa kuti "amapanga za madzi". Ndimapanga kamankhwala kozindikira mercury m'madzi, kochokera ku utoto wotchedwa rhodamine B. Kakakhala kokha sikaonetsa mtundu, chifukwa kamphete kena ka m'kapangidwe kake, kosaoneka ndi maso, n'kotseka. Kakangokumana ndi mercury kampheteko kamatseguka, madzi amasanduka pinki, ndipo ukawaunika ndi nyali ya UV amawala ngati khala la moto usiku. Mercury ndi yomwe okumba golide pamanja amakolera golide, yotsala n'kupita mumtsinje. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madzi akumwa mercury isapitirire ma microgram 6 pa lita (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a gramu), ndipo kuyeza kochepa chonchi kumafuna makina ngati ICP-MS, omwe kumudzi ndi nkhani yongomva.

Chimene chinandiliza ndi chitsulo. Madzi a pamjigo wakwathu, aja amasiya dzimbiri m'ndowa, ankawalitsa mankhwala anga ngati muli mercury pamene mulibe. Chaka chathunthu ndinali kusintha kapangidwe, kuyesa, kutaya, kuyambiranso. Kawiri konse ndinalemba kalata yosiya sukulu.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, kalata yachiwiri ija munangoipinda n'kundifunsa ngati ndadya. Zikomo. Bambo athu a mu labotale, inu ndiye ndisowa pokuyikani. Magetsi atazima usiku uja munachoka kunyumba panjinga kukasamutsira timabotolo tanga mu firiji ya jeneleta, ndipo ndinu munandiuza kuti ndiyambe ndamanga chitsulocho ndi mankhwala ena ndisanayeze. Dzina lanu silili pachikuto, koma theka la buku la kafukufukuyu ndi lanu.

Amayi, mtedza wonse wa chaka chatha munagulitsa kuti ndilipire fizi, kwinaku mukufunsa pafoni kuti, "Nanga madzi ako aja awala?" Awala amayi, ndipo tsopano akuwala pa chifukwa choyenera. Achemwali, mwana munandilerera mpaka anayamba kukuitanani amama. Sindikudandaula, ndimutenga Loweruka.

Ndisanamizepo: kamankhwalaka sikanafike pozindikira ma microgram 6 aja, kamaona mercury ikakhala yochulukirapo. Ndiye Lolemba ndili mu labotale momwemo. Amene muli pafupi ndi mitsinje yomwe akusefa golide, ndikufuna madzi a kumeneko. Botolo ndi mtengo wa basi ndi zanga.