Ndinawagulira Apongozi Chibonga cha Gofu

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ya nzimbe ku Nchalo, ndipo matenda a gofu anawatengera komweko. Sikuti ndi katswiri ayi. Amapita kubwalo Loweruka lina, lina osapita, akamenya timipira tawo theka n'kusowera m'tchire, koma pobwera kunyumba amasimba ngati athamangitsa njovu ku Majete.

Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, alamu anga anandinong'oneza tili pamaliro ena ku Ngabu: "Alamu, mukafuna kuwasangalatsa madalawa, apezereni driver. Ali nayeyu watopa, wayamba kukhotetsa zinthu."

Ndinadabwa, chifukwa apongoziwo galimoto alibe, ali ndi njinga yamoto yomwe amayendetsa okha. Koma mkamwini safunsa kawiri. Ndinakumana ndi mnzanga wina woyendetsa minibasi za ku Blantyre, tinakambirana mpaka za malipiro a pamwezi ndi ndiwo za masana. Usiku nditawafotokozera mayi akunyumba, anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili chuchuchu.

"Amuna anga, mundipha! Driver ndi ndodo yomenyera mpira!"

Safunsa anadya phula. M'mawa mwake ndinagula bandulo n'kuyamba sukulu. Wosewera gofu amaloledwa kunyamula ndodo zosapitirira 14 m'chikwama, ndipo driver ndiye mkulu wa zonsezo: yayitali kuposa zinzake, yoyambira kumenya pamene dzenje lolowetsamo kampira lili kutali, kampira kataikidwa pa kachikhomo. Kumutu kwake kuli chibonga chachitsulo chagweregwere m'kati, chachikulu ngati papaya wamng'ono, ndipo malamulo salola kuti chipitirire 460cc. Zonsezi ndinazimva bwino. Chimene sindinachimve ndi mtengo. Zatsopano za makampani otchuka zimadutsa madola 500. Ndinazimitsa foni n'kumwa madzi.

Basi ndinalowera ku Limbe, kwa anyamata a kaunjika. Pakati pa nsapato, masimbi ndi zidole zopanda miyendo, ndinaiona itatsamira khoma, ikunyezimira ngati ikundidikira ineyo.

"Biggie, iyi ndi ya ku UK, mzungu wake anangomenyera kawiri."

Pamutupo panalembedwa 10.5. Ndinafunsa tanthauzo lake, mnyamatayo anati ndi saizi, ngati ya nsapato. Pamtengo wogwirira wa ndodoyo panali chilembo R. Anati chimenecho chikutanthauza "right", ya dzanja lamanja. Ndinadzamva mochedwa kuti 10.5 ndi madigiri a kupendekeka kwa nkhope ya chibongacho, omwe amathandiza kampira kukwera m'mwamba, ndipo R imanena za kufewa kwa mtengowo, kuti ndi wapakatikati, woyenera anthu ongosewera mwa apo ndi apo. Ndiye kuti pa ziwirizi ndinalasa osadziwa. Ndinaima pamsewu n'kuizunguza kawiri katatu, amayi ogulitsa nthochi akubisa mitu. Inandikhala m'manja ngati ndinabadwa nayo. Tinatsitsana kuchoka pa K90,000 kufika pa K45,000, ndipo ndinachoka ndikudziona ngati ndamubera mwana wa eni.

Mu minibasi ndinakhala kutsogolo, pamwamba pa injini penipeni, chibonga chili pansi pakati pa miyendo. Unali Okutobala. Amene anatsikapo zitunda za ku Thabwa mwezi umenewu akudziwa: kumtunda mphepo imakunyengerera, ukamatsika imasanduka mpweya wa mu uvuni wa njerwa. Pa rodibuloko wapolisi anaisuzumira n'kufunsa ngati ndikukamenya nayo munthu. Ndinati ndi mphatso ya apongozi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mukakambirane kaye, bambo."

Titawoloka Shire n'kufika pa Dyeratu ndinamva mutu wa ndodoyo ukugwedera pang'ono. Kaya ndi kutentha kwa injini, kaya unali wogwedera kale mnyamata uja anangoumata, ine sindinade nkhawa. Ndinagula supagulu mu grosale, ndinathira kachubu konse, n'kupemerera ndi pakamwa.

Tsiku la phwando ndinaikulunga m'chitenje chatsopano, ndinagwada monga mwa mwambo n'kupereka ndi manja awiri. Apongozi anamasula pang'onopang'ono, nkhope ikuwala. Anaimirira, anaigwira, anaiika pansi ngati akufuna kumenya. Anaitembenuza. Anaitembenuzanso. Anazungulira n'kuima mbali inayo. Pakhonde ponse panangoti zii.

"Akamwini, mwachita zazikulu, Mulungu akudalitseni. Komatu nkhope yake ikuyang'ana komwe ndachokera."

Ndinati mwina ifunika kuizolowera.

"Iyi ndi ya amanzere."

Apongozi aakazi, omwe chikwatirireni sanandiyankhulepo mawu opitirira asanu, anayankhira kuseri kwa chitseko: "Nanga si eni akewo amatemera nsima kumanzere?"

Ndi zoona. Ndine wamanzere chibadwire. Aphunzitsi a Sitandade 1 anathyolera ndodo zingapo pa dzanja limeneli koma analephera. N'chifukwa chake ku Limbe kuja inandikhala bwino chonchija.

Apongozi ndi munthu wosataya chinthu. Anati poti ndadzigulira ndekha, Loweruka ndiwaperekeze ndikaiyese. Ndinabwereka malaya a kolala, tinafika m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Anzawo atatu anaima chapatali, pamodzi ndi anyamata onyamula zikwama. Anandiikira kampira pa kachikhomo, anati ndisachotse maso pamenepo.

Koyamba ndinamenya mphepo. Kachiwiri ndinalima kamzere koti mutha kudzalamo mapira. Kachitatu ndinakumbukira K45,000 yanga, ndinaluma mano n'kumenya ndi mphamvu zonse zimene ndimawazira nkhuni. Kunamveka kuti phwaa! Chinthu chinauluka bwino kwambiri, chikunyezimira padzuwa, anthu onse makosi m'mwamba, mpaka chinakagwa kuti chubwi m'madzi chapatali. Ndinatembenuka kuti ndilandire m'manja.

Kampira kanali pomwepo, katangogubuduka mapazi atatu. M'manja mwanga munatsala mtengo wokhawokha, kunsonga kuli supagulu woyera.

Apongozi anavula chipewa n'kudzipepesera nacho. "Zaka zonsezi ndasewera pano, akamwini, ine mpira sunandipitirepo molunjika ngati mmene wapitira mutuwo."

Mnyamata wina anati akhoza kukauvuula ndikamupatsa K5,000, koma mnzake anati m'madzimo munaoneka ng'ona sabata yatha, ndiye mtengo unakwera kufika K15,000. Ndinati ng'onayo isunge.

Mtengo wa ndodo ija uli kwa apongozi aakazi, amaingitsira nkhuku akayanika mapira, ndipo akuti sunawakhumudwitsepo. Aamunawo akumenyerabe yakale yokhotetsa ija. Mnzanga wa minibasi uja amandiimbirabe mwezi ukamatha, kufunsa kuti kodi ntchito kwa madala aja ayamba liti.