Zimene ndaphunzira posankha klatchi ya galimoto yowonjezeredwa mphamvu

M'gawo la maphunziro a umakaniko limene tikukambirana za klatchi ndi giyabokosi, funso limene landitengera nthawi yambiri ndi lakuti munthu amene wawonjezera mphamvu ya injini ya galimoto yake ayenera kuikamo klatchi yotani. Ndalilingalira pogwiritsa ntchito Volkswagen Golf GTI ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, imene inatuluka mu 2013 ndi injini ya turbo ya malita awiri yotchedwa EA888, chifukwa ndi galimoto imene eni ake ambiri, makamaka ku South Africa ndi ku Ulaya, amakonda kuisintha. Inkachoka kufakitale ikutulutsa torque (mphamvu yopota ya injini, yoyezedwa mu ma newton-mita, Nm) yokwana 350 Nm kuyambira pa 1,500 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), koma munthu akangosintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, osamasula bawuti ngakhale imodzi, torque imapitirira 400 Nm. Pa magalimoto a giya yosintha ndi dzanja, chinthu chimene kawirikawiri chimayamba kudandaula ndi klatchi.

Chofunika kumvetsa poyamba ndi chakuti klatchi ilibe nazo ntchito nambala za horsepower zimene eni magalimoto amanyadira. Imene imailemera ndi torque, ndiko kuti mphamvu imene injini imapotera shafiti, ndipo pa injini ya turbo mphamvu imeneyi imafika pachimake injini isanathamange kwambiri. N'chifukwa chake klatchi yofooka sidziwika pa giya yoyamba kapena yachiwiri, koma pa giya yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, pamene dalaivala waponda moto mpaka pansi injini ili cha m'ma 2,000 rpm. Singano ya rpm imakwera mwadzidzidzi pamene ya liwiro ikungoyenda pang'onopang'ono, ndipo zikabwerezedwa kangapo m'galimoto mumamveka fungo la puleti yopsa.

Kuchuluka kwa torque imene klatchi ingagwire kumachokera pa zinthu zinayi zochulukitsidwa pamodzi: mphamvu imene pulesha puleti (chitsulo chokankhira klatchi puleti ku flywheel, gudumu lolemera lozungulira ndi injini) imapanikizira, kagwiridwe ka zinthu zimene zamatidwa pa klatchi puleti, mtunda wochoka pakati pa puleti kufika pakatikati pa malo okhuzana, ndi chiwerengero cha mbali zokhuzana. Kuti ndione bwino, ndinatenga nambala zongoyerekeza. Puleti ya mamilimita 240 kunja ndi 160 mkati imapereka mtunda wa mamita 0.1. Ikapanikizidwa ndi mphamvu ya ma newton 8,000, kagwiridwe kake kali pa 0.3, ndipo mbali zokhuzana zili ziwiri, yankho limatuluka 480 Nm. Kagwiridwe kakakwera kufika pa 0.4 yankho ndi 640 Nm, koma puleti yomweyo ikatentha kwambiri, kagwiridwe n'kutsika kufika pa 0.22, imangogwira pafupifupi 350 Nm. Masamu ochepawa anandisonyeza chifukwa chimene klatchi yoyamba kuterereka imathera msanga: kuterereka kumabala kutentha, kutentha kumachepetsa kagwiridwe, ndipo kagwiridwe kakachepa kuterereka kumawonjezeka.

Popeza kukula kwa puleti kumatsekerezedwa ndi malo a m'chigoba cha giyabokosi, zotsala zimene munthu angasinthe ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake umene sulembedwa pa katoni. Pulesha puleti yolimba kwambiri imalemeretsa chopondera, zimene mwendo wamanzere umamva pa mdipiti wa magalimoto m'tauni, koma chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nthawi iliyonse imene dalaivala waponda klatchi, mphamvu imeneyo imakankha crankshaft, shafiti yaikulu ya injini, cham'litali, n'kugwera pa tizitsulo tating'ono totchedwa thrust washer. Polizitsa injini klatchi itapondedwa, tizitsuloti timalandira katunduyo oyilo asanafike bwino, ndipo tikadyeka ntchito yake imakhala yophwasula injini yonse.

Pa nkhani ya zinthu zomatidwa pa puleti ndi pamene ndakhalitsa, chifukwa kusiyana kwake kumaoneka ndi maso munthu akaika mapuleti awiri pa tebulo. Puleti ya organic, yofanana ndi ya kufakitale, ndi yozungulira yathunthu, ndipo ukaiyang'ana cham'mbali umaona tizitsulo topyapyala topindika ngati mafunde pakati pa mbali zake ziwiri. Ukaifinya ndi zala imabonya pang'ono. Kubonya kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti klatchi igwire pang'onopang'ono, dalaivala n'kutha kunyamuka pa chitunda kapena kubwerera m'mbuyo pamalo opanikizika mosagwedeza galimoto. Puleti ya ceramic, makamaka ya mapazi anayi kapena asanu ndi limodzi, kawirikawiri ilibe tizitsulo timeneti, timapazi take ndi touma gwa, ndipo imapirira kutentha kumene kungapsereze ya organic. Koma imagwira mwadzidzidzi, imanjenjemeretsa galimoto ponyamuka, ndipo imadya nkhope ya flywheel ndi ya pulesha puleti mofulumira. Ya Kevlar imakhalitsa ikasamalidwa, komabe imafuna flywheel yosalala bwino ndi nthawi yaitali yoizoloweretsa, ndipo ikatenthedwa n'kusalala ngati galasi nthawi zambiri siibwereranso mwakale.

Flywheel nayo siyenera kuganiziridwa payokha. GTI imeneyi imabwera ndi flywheel ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i, luso limene kampani ya LuK ya ku Germany inayamba kupanga mochuluka mu 1985, ndipo ntchito yake ndi kumeza kugunda kwa masilinda kusanafike ku magiya. Ambiri osintha magalimoto amaichotsa n'kuikamo ya chitsulo chimodzi yopepuka, injini n'kumakwera msanga, koma zotsatira zake ndi phokoso la magiya ogogoda galimoto ikaima injini ikulira. Amene wasankha njira imeneyi ayenera kugula puleti yokhala ndi masipuling'i pakati pake, chifukwa akaphatikiza flywheel ya chitsulo chimodzi ndi puleti yopanda masipuling'i, palibenso chimene chatsala choteteza giyabokosi.

Apa ndi pamene maganizo anga akhazikika. Klatchi ya kufakitale imathandizanso kuteteza ziwalo zina, chifukwa dalaivala akanyamuka mwankhanza imaterereka pang'ono n'kufewetsa nkhonya imene ikanapita ku magiya, ku madirayivishafiti (mashafiti opititsa mphamvu ku matayala) ndi ku zomangira injini. Munthu akaika klatchi yogwira 800 Nm pa injini ya 430 Nm, sanachotse vuto, wangolisamutsira ku ziwalo zokwera mtengo kuposa klatchiyo. Ndikukhulupirira kuti klatchi yoyenera ndi yofatsa kwambiri mwa zonse zimene zingagwire torque ya injiniyo mosakayikitsa, ndipo zimandipweteka kuona mwini galimoto akulipira ndalama zambiri, nthawi zina zoitanitsira katundu kunja, kuti agule chinthu chimene chidzamudanitsa ndi galimoto yake m'mawa uliwonse.

Mawu akuti Stage 1, Stage 2 kapena Stage 3, amene makampani amagwiritsa ntchito posonyeza kulimba kwa maklatchi awo, sathandiza kwenikweni, popeza palibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsata. Chimene Exedy imatcha Stage 2 sichifanana kwenikweni ndi chimene South Bend kapena Clutch Masters imatcha ndi dzina lomwelo. Choyenera kuwerenga ndi nambala ya torque, ndipo munthu afunse ngati ndi ya pa crankshaft kapena ya pa matayala, chifukwa makina oyezera mphamvu a m'magalaja ambiri amayeza pa matayala, pamene ina yatayika kale m'njira. Makampani a ku America amalemba mu lb-ft, ndipo 1 lb-ft ndi pafupifupi 1.36 Nm, kotero klatchi ya 400 lb-ft imagwira cha m'ma 540 Nm. Langizo lofala pakati pa amakaniko ndi losiya mpata wa 20 mpaka 30 peresenti pamwamba pa torque ya injini, poganizira kutentha ndi kutha kwa puleti.

Klatchi ya mapuleti awiri imathetsa zambiri mwa zovutazi, chifukwa mbali zokhuzana zimakhala zinayi ndipo torque yogwiridwa imawirikiza popanda kulemeretsa chopondera, koma mtengo wake ndi waukulu ndipo zina zimachita phokoso klatchi ikapondedwa. Ndi yoyenera injini imene yasinthidwa turbo ndi zamkati.

Ndikanapatsidwa GTI yotulutsa 430 Nm, imene mwini wake amapita nayo kuntchito tsiku ndi tsiku n'kumaithamangitsa mwa apo ndi apo, ndikanasankha puleti ya organic yolimbitsidwa, pulesha puleti yopanikiza mokulirapo pang'ono monga zimene kampani ya Sachs Performance imapanga, zonse pamodzi zogwira cha m'ma 520 mpaka 550 Nm, ndi flywheel yatsopano ya zigawo ziwiri. Ceramic ndikanaisiyira galimoto ya mpikisano. Popeza giyabokosi imakhala yatsitsidwa kale, ndikanasinthiratu release bearing (beringi yokankha pulesha puleti klatchi ikapondedwa), imene pa galimotoyi ndi yophatikizidwa ndi silinda ya klatchi mkati mwa chigoba, n'kuyang'ananso labala yotsekera oyilo ya kumbuyo kwa crankshaft, chifukwa oyilo akadontha pa puleti yatsopano amaiwononga. Pomaliza ndikanapempha mwini wake kuti ayende makilomita pafupifupi 800 a m'tauni, a kunyamuka ndi kuima, asanaponde moto wonse, popeza ulendo wautali pa giya imodzi suzoloweretsa puleti ku nkhope ya flywheel.