Kaboni amene amadya nickel kuchokera m'kati

Ndikamva kuti akatswiri apanga katalisiti yatsopano (chinthu chofulumizitsa kusintha kwa makemikolo icho chosatha) yosandutsa ethanol kapena biogas (gasi wotuluka m'zinthu zowola) kukhala haidirojeni, ndimayamba ndafunsa kuti yagwira ntchito nthawi yaitali bwanji isanafooke. Mpweya umene inatulutsa tsiku loyamba sundisangalatsa kwenikweni, chifukwa nickel wamba, chitsulo chimene mafakitale amagwiritsa kale ntchito ngati katalisiti, amautulutsanso bwinobwino.

Ntchito yeniyeniyo imayenda chonchi. Methane, amene ndiye gawo lalikulu la gasi wachilengedwe, amasakanizidwa ndi nthunzi n'kulowetsedwa m'mapaipi achitsulo otalika mamita oposa 10, odzaza ndi timibulu ta alumina (aluminiyamu wophatikizana ndi okosijeni) tokhala ndi nickel. Kunja kwa mapaipiwo moto umayaka usana ndi usiku, poti kusinthaku kumameza kutentha koopsa, ndipo mpweya umatuluka uli pa madigiri 800 mpaka 900. Molekyu imodzi ya methane ndi imodzi ya madzi zimabala imodzi ya carbon monoxide ndi atatu a haidirojeni. Mpweya wosakanikiranawu ndi umene umatchedwa syngas. Opanga methanol kapena mafuta a Fischer-Tropsch (mafuta amadzi opangidwa kuchokera ku syngas) amamutenga pomwepa. Ofuna haidirojeni wambiri, monga opanga ammonia wa feteleza, amamudutsitsanso pa katalisiti ya chitsulo ndi chromium, kenako ya mkuwa ndi zinc. Kampani ya ICI inkasakaniza kale gasi ndi nthunzi kuti ipange haidirojeni ku Billingham, ku England, mu 1936.

Timibulu tatsopano ndi totuwa, tolimba, tobooledwa mabowo kuti mpweya udutse. Timene ndinatolapo m'manja titachotsedwa m'paipi yodwala tinali tabii, ndipo nditangofinya pang'ono tinafumbutuka, zala zonse kuda ngati ndagwira kunsi kwa mphika. Wochita zimenezi ndi kaboni. Methane akasweka pamwamba pa kachidutswa ka nickel, kaboni wina sakumana ndi nthunzi msanga. Amatsetsereka kupita kumbuyo kwa kachidutswako n'kuyamba kumera ngati kaulusi, nickel ali kunsonga, kumukweza kumuchotsa pa alumina. Mu 2004 akatswiri a kampani ya Haldor Topsøe ku Denmark anajambula timaulusi timeneti tikukula, pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya ma electron. Timaulusito n'tolimba moti timaphwanya kam'bulu kuchokera m'kati. Fumbi limatseka njira, mpweya sudutsa mokwanira kuti umwe kutentha, ndiye woyang'anira akasuzumira pakabowo ka ng'anjo amaona mizere yofiira kwambiri pa paipi. Paipi ikamatentha madigiri 20 okha kuposa mlingo wake, moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka.

Njira zodzitetezera zilipo, koma iliyonse ili ndi mtengo wake. Amathira nthunzi yochuluka, pafupifupi katatu kuposa kaboni, chikhalirecho nthunzi imadya mafuta. Amawonjezera potassium, nickel n'kutayako liwiro. Imene imandisangalatsa kuposa zonse ndi ya Jens Rostrup-Nielsen, katswiri wa ku Haldor Topsøe. Sulufule ndi chiphe cha nickel, ndipo mafakitale amamuchotsa ndi zinc oxide gasi asanalowe m'ng'anjo. Koma Rostrup-Nielsen anaonetsa kuti sulufule wochepa, woyezedwa mosamala, amaphimba mbali ina ya nickel n'kusiya timipata tating'ono. Kaulusi ka kaboni kamafuna malo otakata kuti kayambe, pamene methane ndi nthunzi zimakwanitsa ntchito yawo pa kampata kochepa. Njira ya m'mafakitale yotchedwa SPARG, yoteteza nickel ndi sulufule wochepa, inachokera pamenepo.

Ndikufuna ndithu kuti mafuta ochokera ku zomera apambane, chifukwa kilogalamu imodzi ya haidirojeni wochokera ku gasi wachilengedwe imasiya makilogalamu 9 kapena 10 a carbon dioxide. Koma kumeneku n'kumene kaboni amalusa zedi. Ethanol akakhudza alumina amataya madzi n'kusanduka mpweya wotchedwa ethylene, ndipo ethylene sachedwa kukuta katalisiti yonse ndi kaboni. Biogas amabwera ndi carbon dioxide wake, zomwe n'zabwino chifukwa nayenso amasweka pamodzi ndi methane n'kupereka syngas, kungoti kaboni wolowa m'paipi amachuluka. Zitsulo za rhodium ndi ruthenium sizimeretsa timaulusi tija mosavuta, koma mtengo wake ndi woti sungadzaze nazo mapaipi mazanamazana. Ine chiyembekezo changa chili pa nickel woikidwa pa ceria (chitsulo cha cerium chophatikizana ndi okosijeni), chifukwa ceria amabwereketsa okosijeni wake kuti atenthe kaboni akadali wochepa, kenako n'kubwezeredwa ndi nthunzi.

Chimene chimandikhumudwitsa n'chakuti mayeso ambiri amachitika ndi mpweya woyera wa m'mabotolo. Biogas weniweni amakhala ndi hydrogen sulfide, mpweya wa sulufule, wa mlingo wosakhazikika, lero wambiri mawa wochepa. Wochokera kumalo otayira zinyalala amabweranso ndi makemikolo otchedwa siloxane a m'mafuta odzola ndi sopo, amene akatenthedwa amasiya silica, chinthu chonga mchenga, pamwamba pa nickel. Kaboni ukhoza kumutentha ndi nthunzi kapena mpweya, katalisiti n'kuyambiranso ntchito ngati timibulu sitinaphwanyike. Silica sapsa, ndipo akamatirira amayenera kuzimitsa ng'anjo n'kukhuthula paipi yonse.