Momwe tidapezera wabizinesi wothandiza gulu lathu la magule ku Dedza

Ndine mlembi wa gulu la magule ndi zisudzo kuno ku Dedza, cha kufupi ndi Linthipe. Timavina mganda, chimtali ndi chisamba, ndipo anyamata ena amasema ziboliboli. Chaka chatha tidafuna kuchititsa chionetsero cha tsiku limodzi, koma zikopa za ng'oma zidali zitang'ambika, mayunifolomu a mganda atasuluka, ya thiransipoti nayo kudalibe. Tidapeza wabizinesi amene adatigwira mkono, ndipo anzathu a m'magulu ena akhala akundifunsa kuti tidadzera njira iti. Ndifotokoze momwe zidayendera.

Tidayamba ndi mapepala, tisanagogode pakhomo la munthu aliyense. Tidakhala pansi n'kulemba malamulo a gulu: cholinga chathu, momwe timasankhira wapampando, mlembi ndi msungichuma, komanso komwe katundu angapite gulu litatha. A mfumu adatilembera kalata yotichitira umboni n'kudindapo chidindo chawo. Kalatayo pamodzi ndi malamulo aja tidapita nazo ku boma, ku ofesi yoona za achinyamata kwa DC, komwe adatilemba m'kaundula. Kuchoka apo tidalunjika ku banki titanyamula maminitsi a msonkhano umene tidagwirizana zotsekula akaunti, ndi zitupa za unzika za anthu atatu osayinira. Tidaika lamulo loti ndalama isatuluke popanda masiginecha awiri. Gawo limeneli ndi lotopetsa, koma musalilumphe. Munthu amene amawerengera phindu lake madzulo alionse sangatumize ndalama zake pa Mpamba kapena pa Airtel Money ya wapampando wanu, ngakhale wapampandoyo akhale mkulu wa mpingo.

Pa funso loti tipite kwa ndani tidakanganapo kwambiri. Ena ankati tilembere makampani akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ine ndidaumirira zoyamba ndi apafupi, anthu amene khamu la pabwalo lathu ndi makasitomala awo. Tidaganizira eni malo ogona alendo, chifukwa azungu ndi ana asukulu amabwera kudzaona zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, malo 127 amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo ena amatsikira ku Mua kukaona Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Koma amene adatikomera kwambiri ndi ogulitsa feteleza ndi mbewu. Anthu amene amadzaza bwalo lathu ndi alimi a mbatatesi, nyemba, soya ndi chimanga. N'chifukwa chake tsiku la chionetsero tidaliika mu Seputembala, anthu atagulitsa zokolola, mvula isanagwe, nthawi imene wogulitsa zipangizo zaulimi aliyense amafuna kuti dzina lake limveke.

Tidapita kwa mayi wina amene ali ndi mashopu a zaulimi m'misika ingapo ya m'mbali mwa msewu wa M1. Tidawapeza kuseri kwa kauntala, kakyuleta ili m'manja, anyamata akutsitsa matumba pa lole. Wapampando adayamba kulongosola za kufunika kosunga chikhalidwe. Mayiwo adamvetsera mwaulemu, kenako n'kufunsa kuti, "Zonsezo ndamva, achimwene. Nanga ine ndipindulapo chiyani?"

Funso limeneli si lamwano ayi, ndipo gulu lililonse lizipita litakonzeka kuliyankha. Ndidatulutsa pepala limodzi lomwe tidalembapo zimene tingawachitire: dzina la shopu pa nsalu yaikulu ya pabwalo, wolengeza kulitchula magule akamasinthana, malo oti aikepo tebulo n'kuonetsa mbewu zawo, ndi sewero lalifupi lochenjeza alimi za mbewu zachinyengo zija zimene mavenda amangopaka utoto. Atamva za sewerolo adaika kakyuleta pansi. Adati vuto limenelo limawadyera malonda chaka ndi chaka.

Bajeti tidailemba mosabisa kanthu, chinthu chilichonse ndi mtengo wake, titaphatikizapo makotesheni a telala, a mwini zokuzira mawu ndi a wogulitsa zikopa. Tidaonetsanso zimene ifeyo tidzasonkhe: ufa, nkhuni, ndi ntchito yolambula bwalo. Mayiwo sadafune kupereka zonse ngati ndalama. Telala adamulipira okha, adatibwereka lole yonyamula ovina a m'midzi yakutali, ndipo yotsalayo adati alowetsa ku akaunti kawiri, ina poyamba, ina tikaonetsa malisiti a yoyambayo. Ife tidaona kuti n'zabwino, chifukwa msungichuma sadasenze mtolo wosunga ndalama zambiri m'nyumba.

Povuta padali pa gule wamkulu. Mayiwo adapempha kuti gule atuluke tsikulo atavala matisheti a shopu yawo, poti ndi amene amakoka anthu. Sadanene mwachipongwe, iwo ankangoona malonda. Koma nkhani imeneyi si ya komiti yathu. Gule ali ndi eni ake, ndipo ngakhale UNESCO idamulemekeza mu 2005, sizitanthauza kuti wasanduka wa aliyense. Tidakagwada kwa a mfumu, iwo adaitana akuluakulu a kudambwe, ndipo yankho lidali lachidule: chilombo sichivala dzina la shopu. Ndidabwerera kwa mayi aja mtima uli m'mwamba, poganiza kuti thandizo lathera pomwepo. Ndidawauza mosapsatira mawu, n'kuwonjezera kuti anyamata a mganda ndi okonzeka kusokerera dzina la shopu kumsana kwa malaya awo, ndipo amayi a chimtali avala zitenje za mtundu wa shopuyo. Adakhala chete kanthawi, kenako adati nawonso ndi mwana wa Mchewa, akudziwa. Ndikupempha magulu anzathu kuti mugwirizane zinthu zimene simungagulitse musanakumane ndi wabizinesi. Mukakhala pamaso pake ndalama ikutchulidwa, pakamwa pamalemera kunena kuti ayi.

Apa m'pamene ndidasirira anzathu a m'maiko ena, omwe ali ndi mabungwe ogwira ntchito ya unkhoswe pakati pa amalonda ndi aluso. Ku Britain bungwe lotere lidayamba mu 1976, ndipo pambuyo pake lidadziwika ndi dzina loti Arts & Business. Ku South Africa kuli Business and Arts South Africa, yomwe idakhazikitsidwa mu 1997 boma ndi makampani atagwirizana, likulu lake lili ku Johannesburg. Iwo amaphunzitsa aluso kalembedwe ka pempho, amathandiza makampani kuona phindu lothandiza zaluso, ndipo akhala akuwonjezera kandalama pa ntchito imene yapeza kale kampani yoithandiza. Ifeyo ntchito yonseyo tidaigwira tokha, mphunzitsi wina wopuma ndiye ankatiwerengera makalata madzulo.

Zonse zimene tidagwirizana tidazilemba pa masamba awiri: zopereka mayiwo, zochita ife, masiku olipirira, ndi zoti zithunzi za ovina azigwiritsa ntchito pa Facebook ya shopu kwa chaka chimodzi chokha. Tidasayina mbali zonse, a mfumu n'kukhala mboni. Tidadziwitsanso apolisi za tsikulo, ndipo mwini zokuzira mawu tidamufunsa za chilolezo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, poti nyimbo za oimba ena zidayenera kulira anthu akusonkhana.

Za tsiku lenilenilo sindichulutsa. Anthu adadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo, ndipo patebulo la mayi aja alimi adandanda kufunsa mitengo ndi kulembetsa manambala a foni.

Sabata yotsatira, thupi likadaphwanya, ndidakhala pansi kulemba lipoti. Ndidamata lisiti lililonse pa pepala lake, ngakhale la mchere ndi machesi. Pomwe wogulitsa adalibe lisiti, monga agogo amene adatigulitsa zikopa za mbuzi, ndidalemba kapepala iwo n'kudindapo chala. Ndidaikamo zithunzi zoonetsa nsalu ya shopu ndi khamu lili kumbuyo, ndi kalata yothokoza yosayinidwa ndi komiti yonse. Kandalama kochepa kamene kadatsala tidakatchula m'lipotimo n'kufunsa ngati tibweze. Mayiwo adatsegula tsamba ndi tsamba, adati kotsalako tigulire zikopa zina, ndipo ngati tikufuna thandizo chaka chino bajeti ifike mu Meyi, asanayambe kuoda feteleza. Panopa komiti ikutolera makotesheni atsopano, ndipo mapepala omwewa tikufuna kukayesa nawo ku thumba la Copyright Fund lomwe COSOMA imayendetsa.